Geti Lobiriwira la ku 47

Loweruka lachitatu lotsatizana linamupeza Vailet atagwada pakhonde la nyumba ya eni ake, akupaka polishi wofiira ndi chisanza. Nyumbayo inali ya banja la a Chirambo, pa Boma pa Rumphi, ndipo inkakonzedwa kuti igulitsidwe. Joel Chirambo, bwenzi lake la zaka ziwiri, anali atapeza ntchito ku Lilongwe. Mayi ake a Joel, aNyaMsiska, namwino wopuma pantchito, ananenetsa kuti sangatsale okha m'chinyumba cha zipinda zinayi n'kumacheza ndi mileme ya kudenga. Agulitsa, akagula ina mumzinda, akakhala ndi mwana wawo pamodzi ndi mkazi amene mwanayo adzakwatire. Mawu oti "amene adzakwatire" ankawatchula mokoka, maso ali kumwamba, ngati kuti mtsikana amene ankawakolopera pansiyo anali waganyu.

Vailet ankaphunzitsa masamu kusekondale ndipo digiri anali nayo, koma pakhomo pamenepa digiri sichinali chinthu choti munthu n'kudzitama nacho. Pabalaza madigiri anali mbwee m'mafelemu: a malemu bambo Manasseh, a ana awo atatu, mpaka satifiketi ya kwaya ya chaka cha 1974. Ngakhale galu wapakhomopo ankamukalipira m'Chingerezi. Chimene Vailet analibe chinali dzina lachitumbuka loyamba ndi Nya, ndipo chimenecho sakanachipeza kukoleji iliyonse.

Galimoto yoyera inaima pachipata, fumbi la mseu wa ku Nyika likuilondola. Munatuluka Caroline Harawa, magalasi akuda ali pamutu m'malo mwa kumaso, nsapato zake zosongoka zikubowola nthaka ngati akudzala chimanga. Caroline anakulira limodzi ndi Joel, Sande sukulu imodzi, kwaya imodzi, ndipo mpingo wonse unali utawakwatitsa kale m'maganizo iwo akadavala yunifolomu. Kenako iye anapita ku Lilongwe n'kukakhala ejenti wogulitsa nyumba, Joel n'kukumana ndi Vailet. ANyaMsiska sanaukhululukire mzinda wa Lilongwe pa zinthu ziwiri: unawalanda Caroline, n'kuwatumizira Vailet.

"Monire amama!" anakuwa Caroline, akuponda pomwe panali pongopakidwa kumene. "Ayi ndithu, khonde lawala chomene. Wantchito wodziwa chonchi mwamupeza kuti?" Kenako anawerama pang'ono. "Aa, pepani, ndi aphunzitsi! Ndi chitenje chimenechi sindinakuzindikireni."

"Mwandizindikira tsopano," anayankha Vailet, akupukuta chidindo cha nsapato osadzutsa mutu.

Caroline anazungulira nyumba yonse foni ili m'mwamba, akugawa malamulo. Wogula safuna kuona moyo wa eni nyumba, anatero, amafuna aone moyo wake womwe sunayambe. Choncho zithunzi zonse zitsike, madigiri alowe m'katoni, makoma apakidwe penti woyera, ndowa ndi mabeseni zibisidwe, khola la nkhunda kuseri kuja ligwetsedwe lero lomwe chifukwa likuoneka lachimidzi. Sabata yathayo Vailet atangosuntha kalendala kuti apukute kangaude, aNyaMsiska anakhala osadya mpaka madzulo. Koma lero ankangogwedeza mutu, "Enya mwana wane, wanena zoona," pamene chithunzi cha ukwati wawo chinkalowa m'katoni ya sopo.

Atafika pawindo, Caroline anatsina katani ndi zala ziwiri ngati wagwira chinthu chonyowa. Anali makatani achikasu amaluwa ang'onoang'ono. Vailet anasoka yekha pa makina obwereka, masiku anayi.

"Awa akuoneka a kulokeshoni," anatero Caroline. "Komabe akhale, wogula wake ndi mlimi wa fodya wa ku Henga, sangasiyanitse."

"Ndinaona ine," anatero aNyaMsiska. "Ndinangoti ndisakhumudwitse munthu."

* * *

Vailet anakamupeza Joel kuseri kwa nyumba akugwetsa khola la nkhunda za malemu bambo ake. Nkhundazo zinali zitatera padenga n'kumaonerera. Joel anali mnyamata wooneka bwino, wamtali, wa mawu a besi ogwedeza mawindo a tchalitchi. Koma mawu omwewo akafika pamaso pa mayi ake ankasanduka a mwanapiye.

"Uwauza liti?" anafunsa Vailet.

"Za chiyani, Vai?"

"Usandipusitse, Joel. Za kwathu."

Joel anasuzumira kukhomo la kukhitchini asanayankhe, ndipo kusuzumira kumeneko kunamunyansa Vailet kuposa mawu onse a Caroline.

Nkhani yake inali iyi. Chaka chatha, tsiku limene Joel ankakamuonetsa kwa mayi ake, ali pachipata pomwepa, anamugwira dzanja n'kumuuza kuti, "Akakufunsa kwanu ku Lilongwe, unene kuti ku 47. Chonde, lero lokha." Vailet ananenadi, ndipo lero lokhalo linali litakwanitsa miyezi khumi ndi inayi. Kwawo kwenikweni kunali ku Mtandire, tsidya lina la mtsinje wa Lingadzi, m'kanyumba ka zipinda ziwiri. Ku Area 47 ankapitako ndi mayi ake, aNambewe, amene kwa zaka makumi awiri ndi zitatu ankawoloka mtsinjewo m'mawa uliwonse kukachapa ndi kukolopa m'nyumba ina ya geti lobiriwira. Manja amenewo ndi amene anamufikitsa Vailet kukoleji. Joel zonsezi ankazidziwa. Anafikako ku Mtandire, anakhala pabenchi yawo yogwedera, anadya tambala wawo mmodzi yekhayo mpaka kunyambita zala, ndipo potsanzika anagwada n'kunena kuti, "Amama, mwana wanu ndidzamusamala."

"Dikira nyumba igulidwe kaye," anatero Joel tsopano. "Ukudziwa BP yawo."

"BP yawo imakwera ine ndikafuna kunena zoona basi? Caroline akamawagwetsera nkhunda za amuna awo imakhala bwinobwino?"

"Vai, tatsitsa mawu."

"Thenga wanu, a Amock, akunyamuka mwezi wamawa kukafunsira mbeta kwathu. Akagogoda pageti liti? Undiuze, ndiwalembere."

"Ndikonza ine. Ndikhulupirire." Anaika hamala pansi n'kumupukuta polishi patsaya ndi chala chachikulu. "Ndimakukonda, ukudziwa. Tikakafika mumzinda zonsezi zidzakhala nkhani yoseka."

Tsoka la Vailet linali loti ankamukondadi. Mnyamatayu akamuyang'ana chonchi, mkwiyo wonse unkasungunuka, ndipo ankadzida yekha chifukwa cha zimenezo. Anali pafupi kutsamira pachifuwa pake pamene mawu anatuluka pawindo.

"Joel! Tiyi wazizira!"

Joel anathamanga osatola ndi hamala yomwe.

* * *

Tiyi anamwera m'makapu a alendo, aja amaluwa agolide amene Vailet ankaloledwa kutsuka koma osati kumwera, kufikira lero pamene ena onse anali atalongedzedwa. Caroline anatsegula laputopu n'kuonetsa mapu a mzinda wa Lilongwe.

"Tisankhe dera, amama, kuti ndikabwerera mawa ndikayambe kusaka."

"Ine zofuna zanga n'zochepa," anatero aNyaMsiska, amene zofuna zawo sizinakhalepo zochepa chibadwire. "Kukhale kwa anthu ophunzira. Kusakhale mabala. Anthu ake asakhale otaya madzi otsukira mbale panjira. Chipatala chikhale pafupi, ndiponso Lamulungu ndizitha kukafika kumene amaimba nyimbo m'Chitumbuka, ndisamakangotsegula pakamwa ngati nsomba."

Caroline anayamba kuyendetsa chikhadabo chake chofiira pamapu, akupha madera limodzilimodzi. Ku 10 ndi ku 43 ndi kwa akazembe, nyumba ya ku Rumphi ingangogulako mpanda. Ku 25 n'kutali, munthu akadwala amakafika kuchipatala atachira yekha. Ku 18 nyumba zake n'zothithikana, ukayetsemula woyandikana nawe ndiye amapukuta mphuno. Ku Kawale ndi ku Biwi sanafike n'kutchula bwino, anangotsonya. Anthu zikwizikwi amene amagona ndi kudzuka m'madera amenewo anawamaliza m'mphindi zisanu, bisiketi ili m'dzanja.

"Nanga inu eni mzinda mwangoti duu bwanji?" aNyaMsiska anatembenukira kwa Vailet. "Tiuzeni za kwanu ku 47."

Apa Vailet sanavutike, chifukwa deralo ankalidziwa ngati chikhatho chake, kungoti ankalidziwira kukhomo la kumbuyo. Anafotokoza misewu imene imachita matope nthawi ya dzinja, mbali imene madzi a m'mipope sachedwa kubwera akasiya, pokwerera minibasi, ndi kumene kuli mitengo yamithunzi. Anayankhula bwino mpaka aNyaMsiska anagwedeza mutu kamodzi, mosafuna.

"Nanga kuseri kuja?" analowerera Caroline mofatsa, akutakasa tiyi wopanda shuga. "Tsidya la mtsinje. Amati chiyani kuja? Ku Mtandire. Makasitomala anga ena amadandaula kuti zovala zikasowa pachingwe mu 47 zimakapezeka kumeneko. Aphunzitsi, n'zoona?"

"Mtandire," anabwereza aNyaMsiska, mphuno itakwinyika. "Dzina lokhalo likumveka fungo."

Vailet anayang'ana Joel. Joel anali atapeza chinthu chofunika kwambiri pansi pa kapu yake.

"Kumeneko sindikudziwako bwino," Vailet anadzimva akunena. "Timangokuonera patali."

Mawuwo atangotuluka, m'kamwa mwake munawawa ngati watafuna mankhwala a malungo. Anali atawalavulira mayi ake, pofuna kusangalatsa nkhalamba yonyada ndi mtsikana wovala magalasi pamutu. Caroline anamwetulira pang'ono n'kutseka laputopu.

"Basi, ndi ku 47," analamula aNyaMsiska. "Tikayandikane ndi makolo a mtsikanayu. Ndikufuna ndikawaone ndi maso anga anthu amene analera mwana wosoka makatani achikasu."

* * *

Lachitatu masana Vailet anaimbira mayi ake. Anamva mpope ukuthira madzi m'ndowa, kenako mawu awo opuma mwabefu.

"Ndatanganidwa, mwana wanga. Abwana ndi adona akusamukira kumudzi, nyumba akuigulitsa. Ndiye kuno n'kukwecha makoma, kutsuka mawindo, kuchotsa zithunzi. Akuti wogula asaone kuti munkakhala anthu. Nsana wanga wathyoka."

Vailet anakhala pansi pamwala. "Akugulitsa? Kudzera mwa ndani?"

"Kaya, amabwera atsikana a maofesi, amajambula n'kumapita. Mmodzi ndi wochezeka, anandifunsa za chithunzi chako cha gauni chija ndimasunga pawindo la kukhitchini. Nanga apongozi akowo ali bwanji? Ukuwagwirira bwino ntchito?"

ANambewe bodza la ku 47 ankalidziwa. Vailet anawaululira pa Khirisimasi, akulira, ndipo iwo anangoseka n'kunena kuti, "Si bodza lalikulu, mwana wanga, theka la moyo wanga ndathera komweko. Ngati likutsegulira chitseko, lowa. Ine sindichepa nazo." Kuseka kumene kuja kunkamupweteka Vailet mpaka lero.

Atadula foni analembera Joel uthenga.

"Nyumba imene amagwirako mayi ikugulitsidwa. Ndikuopa. Uwauze amama lero."

Yankho linabwera patapita maola awiri. "Ku 47 kuli nyumba mazanamazana, Vai. Usadzidwalitse."

"Caroline akudziwa. Ndinaona mmene anamwetulira."

"Caro alibe mtima umenewo. Ndakula naye."

"Ndiye ndiwe wekha m'boma lino amene sukumudziwa. Uwauza kapena ndiwauze ndine?"

Timizere tiwiri tinasanduka tabuluu, kusonyeza kuti wawerenga. Tinakhala tabuluu choncho mpaka Loweruka, pamene Joel anatumiza kachithunzi ka mtima wofiira ndi mawu akuti, "Mawa ubwere tikaweruka kutchalitchi, Caro ationetsa nyumba pavidiyo." Chinamulimbitsa mtima Vailet chinali chimodzi chokha: Lamulungu mayi ake sagwira ntchito.

* * *

Pofika Lamulungu nyumba ya a Chirambo inali yoyera mbee, yopanda kanthu pakhoma, munthu akatsokomola imayankha. Mlimi wa ku Henga uja ankabwera m'mawa mwake kudzaiona komaliza. ANyaMsiska anakhala pampando wawo atavalabe chipewa cha kutchalitchi, Joel kumanja kwawo, Vailet kumanzere pakampando kopanda chotsamira. Foni anaitsamiritsa ku chitini cha shuga.

Nkhope ya Caroline inadzaza foni yonse. "Monire mose! Amama, konzekani, lero mugwa m'chikondi." Anatembenuza kamera.

Geti linali lobiriwira. Pakona lakumanzere linali lopindika pomwe galimoto ya adona inagunda Vailet ali sitandade 6. Kuseri kwake kunali mtengo wa mapeyala umene ankalembera homuweki pansi pake podikira mayi ake kuti aweruke.

"Taonani bwalo, amama. Galaja ya magalimoto awiri. Apa pabalaza, matailosi, siling'i yatsopano, mileme kulibe." Caroline ankayenda pang'onopang'ono, akusangalala ndi sitepe iliyonse. ANyaMsiska ankangoti "Yewo, yewo," akuyandikira foni mpaka chipewa chinagunda chitini. "Zipinda zitatu. Ichi chachikuluchi n'cha Joel ndi mkazi wake, chili ndi bafa momwemo. Tsopano tiyeni kukhitchini, tikathere kukhonde la kumbuyo."

Pakhonde la kumbuyo panali mayi atagwada, akupaka polishi wofiira ndi chisanza. Anali atavala bulauzi yoyera ya kutchalitchi, chitenje chakale atachimanga pamwamba pa siketi. Caroline anali atamuitanitsa kuchokera kumapemphero.

"Rahabu!" anaitana Caroline. "Tadzuka pang'ono upereke moni kwa ogula."

Mayiyo sanadzuke, anangotukula mutu n'kuyang'ana mufoni. Nkhope yawo inawala kamphindi kochepa, monga imachitira nkhope ya mayi aliyense akaona mwana wake. Kenako anaona chipewa, anaona Joel, anaona khoma loyera, ndipo kuwala kuja anakuzimitsa okha.

"Moni, madamu," anatero aNambewe, akuwomba m'manja mwaulemu. "Moni, abwana." Anayang'ana pansi. "Moni, madamu aang'ono."

"Akuoneka waukhondo," anatero aNyaMsiska, ngati akuyesa mbuzi pamsika. "Manja ake ndi abwino? Saba? Amachokera kuti?"

"Ku Mtandire, amama. Koma musaope, eni nyumba akuti zaka zonsezi sanasowetsepo ngakhale supuni. Ndiye mukudziwa chosangalatsa? Ali ndi mwana wophunzira, wa digiri, akuti ndi mphunzitsi kwathu konko ku Rumphi. Rahabu, mwana wako uja dzina lake ndani? Mwina aphunzitsi athuwa akumudziwa."

"Anasamukako kalekale, madamu," anayankha aNambewe mwachangu, maso ali pansi. "Ali ku Mulanje tsopano. Sangamudziwe."

Anaviika chisanza m'chitini n'kuyambiranso kupaka, mofulumira, ngati kuti akapaka kwambiri foniyo ichoka. Vailet anaona mmene dzanja lawo linkazungulira, kuchokera kukona kubwera pakati. Ndi mmene iyenso anapakira khonde la a Chirambo, chifukwa anamuphunzitsa ndi iwowa. Mayi amene sananamepo ngakhale kwa wogulitsa makala anali atanama atavala bulauzi ya kutchalitchi, kuti mwana wawo apitirize kumwera tiyi m'kapu yamaluwa agolide.

"Amayi," anatero Vailet. "Amayi, dzukani pansipo."

Dzanja lija linaima.

"Ukuti chiyani, mtsikana iwe?" anafunsa aNyaMsiska.

"Ndikuti awo ndi mayi anga ondibereka. Dzina lawo ndi aNambewe." Anayandikira foni. "Iwe Caroline, dzina la Rahabu anawapatsa ndi makolo awo, ndipo woyenera kuwaitana nalo anamwalira. Iwe ndi msinkhu wa mwana wawo. Ukawatchulanso choncho ndikwera basi ndidzakupeze." Anatembenukira kwa aNyaMsiska. "Kwathu ndi ku Mtandire, amama. Ku 47 ndinkangolowera kukhomo la kumbuyo. Pansi pa mtengo wa mapeyala umene mwausirirawo ndi pomwe ndinaphunzirira masamu."

Caroline anaika dzanja pakamwa, kudabwa kwake kooneka kuti anakuyeserera pagalasi. ANyaMsiska anavula magalasi, anawapukuta ndi mpango, anawavalanso. Sanamuyang'ane Vailet. Anayang'ana mwana wawo.

"Joel. Iwe zimenezi unkazidziwa?"

Vailet naye anamuyang'ana. Mufoni, aNambewe anamuyang'ananso, mlendo wawo wa tambala uja. Panangofunika mawu amodzi, ndipo mnyamatayu anali ndi mawu okwana kudzaza tchalitchi. Joel anakanda bondo, anayang'ana khoma pomwe panali chithunzi cha bambo ake, napeza penti yekha.

"Yayi, amama," anatero ndi timawu ta mwanapiye tija. "Nanenso ndikumva lero."

Vailet sanalire. Chimene anamva sichinali chisoni, chinali kunyansidwa, konga kuja munthu amamva akaluma bango lokongola n'kupezamo mphutsi. Miyezi yonseyi ankaganiza kuti mdani wake ndi nkhalamba ya chipewa, pamene vuto lenileni linkamupukuta polishi patsaya.

"Umphawi si tchimo," anayamba aNyaMsiska ndi mawu awo a paguwa. "Ine ndasambitsa osauka zaka makumi atatu m'chipatala, sindinanyansidwepo. Koma bodza! Kulowa m'nyumba ya Manasseh Chirambo ndi bodza, kudya nafe, kupemphera nafe! Mwana wanga wosalakwa n'kumupusitsa chonchi!" Anapumira m'mwamba, dzanja lili pachifuwa, koma BP ija sinaoneke kuti yakwera. Nkhope yawo inali ya munthu amene wapeza chinthu chomwe wakhala akuchisaka chaka chathunthu. Anawerama kufoni. "Caroline, mwana wane, nyumbayo ndaikonda chomene. Uwauze eni ake kuti tigula."

Vailet anaimirira. Anakokera kampando kake pawindo, anakwerapo, n'kuyamba kumasula makatani achikasu limodzilimodzi, mosafulumira. Anamasula a pabalaza, a kuchipinda chodyera, a kuzipinda zonse zinayi. Dzuwa la Okutobala linalowa mwaukali n'kuonetsa ming'alu yonse imene penti analephera kubisa.

"Wogula akubwera mawa!" anakuwa aNyaMsiska. "Joel, muletse!"

"Ndi a kulokeshoni, amama," anatero Vailet, akuwapinda pamkono. "Akubwerera kwawo."

Podutsa pakhonde, nsapato zake zafumbi zinasiya zidindo pa polishi, ndipo sanacheuke kuti aone wopukuta.

* * *

Anayenda wapansi mpaka kunyumba za aphunzitsi, makatani ali pamutu ngati mtolo wa zochapa. Akabaza awiri anamuimbira belu, iye osawamva. Asanafike n'komwe, foni inali itayamba kunjenjemera ndi mauthenga a Joel.

"Unandidzidzimutsa, Vai."

"Ukanadikira sabata imodzi yokha."

"Ndinasowa chonena. Ukudziwa mmene alili."

"Ndikubwera tikambirane. Ndikonza ine."

Anawerenga onse n'kuseka kamodzi, kuseka kouma. Analowa m'nyumba, anakhoma chitseko, anakhala pabedi makatani ali pamiyendo. Foni inaliranso. Ulendo uno anali mayi ake, ndipo kumbuyo kwawo kunkamveka phokoso la ana osewera m'madzi. Anali pamlatho wa Lingadzi, akubwerera kwawo.

"Mwana wanga, unanditchuliranji?" anafunsa aNambewe. "Ndinali nditakubisa bwinobwino."

Apa m'pamene misozi inabwera. "Ndikhululukireni, amayi. Ndinakukanani. Sabata yatha ndinanena kuti ku Mtandire sindikudziwako."

"Aa, zimenezo zisiye. Ku Mtandire sikunamve. Koma mnyamata uja wandimvetsa chisoni. Anadya bwino tsiku lija, ndinkati ndi munthu."

"Za iye zatha, amayi."

"Usafulumire kunena, mtima suyenda ndi pakamwa. Komanso ndili ndi nkhani ina. Iwe utachoka, amayi achipewa aja anapempha kuti ayankhule nane. Akuti akagula nyumba ndisachoke, chifukwa ndikuidziwa bwino ndipo sindiba. Akuti ndiziwachapira iwo, mwana wawo, ndi mkazi amene mwanayo adzakwatire. Mtsikana wa magalasi uja anaseka mpaka kugwira khoma."

Vailet anafinya katani. "Munawayankha chiyani?"

"Akuti ndiyankhe mawa. Abwana akunyamuka pakutha pa mwezi, ndipo pa msinkhu wangawu palibe angandilembe kwina, ukudziwa wekha. Koma ndati ndifunse kaye iwe. Ngati pali mwayi woti udzalowe m'nyumba imene ija ngati mkazi wapanyumba, ine ndikana, sungamadzapeze mayi ako atagwada pakhonde lako. Ngati mwayiwo palibe, ndivomera, ntchito ndi ntchito. Ndiye undiuze, mwana wanga. Ndiwayankhe chiyani?"

Vailet asanatsegule pakamwa, wina anagogoda pachitseko.

"Vai," anamveka mawu a besi, athunthu, okoma ngati kale, poti aNyaMsiska sanali pafupi. "Vai, tsegula. Ndabwera ndekha."

"Halo?" anatero aNambewe mufoni. "Ukundimva? Mayunitsi akutha."

Joel anagogodanso, mofatsa kwambiri, kuopa kuti anthu oyandikana nawo angamve n'kukanena kwa mayi ake ku Boma.